ABU AL-QASIM AL-ZAHRAWI: SING'ANGA WA MAFUPA NDI MABALA A KUNKHONDO

MAWU OYAMBA

Kuno kwathu ku Mulanje ndi mabanja owerengeka okha amene sadaonepo m'bale wawo atathyoka mkono kapena mwendo. Mwana wagwa mu mtengo wa mango, bambo wagundidwa pa msewu wa ku Muloza, mnyamata wagwa pa njinga ya kabaza, wina waguluka phewa ku mpira. Akuluakulu akukumbukanso zaka za m'ma 1980 pamene abale athu a ku Mozambique ankathawira kuno kudzera ku Milange, ena mwa iwo ali ndi mabala a zipolopolo ndi a mabomba okwirira pansi. Ndipo m'mwezi wa Malichi 2023 isanathe n'komwe kuiwalika mvula ya zaka zam'mbuyo, namondwe wa Freddy adagubuduza miyala ndi matope kuchokera m'mapiri, anthu ambiri nathyoka ziwalo.

Munthu akathyoka timathamanga naye ku chipatala cha Mulanje Mission kapena cha paboma. Kumeneko amamujambula, kumuwongola ndi kumuika chikhakha, ife n'kumaona ngati ndi zinthu wamba. Komatu luso limeneli lili ndi eni ake amene adalivutikira. Mmodzi mwa iwo ndi Abu al-Qasim al-Zahrawi, sing'anga amene adamwalira zaka zoposa 1,000 zapitazo. Mbiri yake ili ndi phunziro limodzi lalikulu: nthawi zambiri chimene chimapha kapena kulumalitsa munthu wothyoka si kuthyokako ayi, koma manja a munthu wosadziwa amene wamugwira koyamba.

KUBADWA KWAKE NDI DZIKO LAKE

Dzina lake lonse ndi Abu al-Qasim Khalaf ibn al-Abbas al-Zahrawi. Adabadwa cha m'ma 936 m'dziko limene Aarabu ankalitcha al-Andalus, lomwe lero ndi gawo la Spain ndi Portugal. Asilamu adalowa m'dzikolo m'chaka cha 711, ndipo likulu lawo lidali mzinda wa Cordoba. Panthawi imene iye ankabadwa, wolamulira adali Abd al-Rahman III, yemwe adakhala pampando kuyambira 912 mpaka 961. Mfumuyi idamanga mzinda watsopano wa nyumba zachifumu wotchedwa Madinat al-Zahra, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 8 kumadzulo kwa Cordoba. Dzina loti al-Zahrawi lidachokera pamenepo, monga momwe tinenera kuti uje ndi wa ku Chisitu kapena wa ku Limbuli.

Amatchedwanso al-Ansari, kusonyeza kuti mtundu wake udachokera kwa ma Ansar a ku Madina. Kumeneko ntchito yosamala ovulala kunkhondo idali ndi chiyambi chake kale. Pa nkhondo ya Khandaq m'chaka cha 627, Sa'd ibn Mu'adh atalasidwa ndi muvi pa mtsempha wa pamkono, adakamugoneka mu hema wa mayi Rufaida amene ankatsuka ndi kumanga mabala a asilikali pa mzikiti wa ku Madina.

Cordoba udali mzinda wa mabuku. Mwana wa Abd al-Rahman, al-Hakam II, amene adalamulira kuyambira 961 mpaka 976, ankatumiza anthu ku Baghdad, ku Damascus ndi ku Iguputo kukagula ndi kukakopera mabuku. Olemba mbiri amamutchula al-Zahrawi ngati sing'anga wa kunyumba yachifumu m'masiku a mfumu imeneyi. M'mabuku amenewo adawerengamo nzeru za asing'anga akale Achigiriki monga Hippocrates, Galen ndi Paul wa ku Aegina, zomwe zidali zitamasuliridwa m'Chiarabu. Sadazikane chifukwa choti eni ake adali a mtundu wina. Adaziphunzira, naziyesa pa odwala ake, n'kuonjezapo zimene maso ake adaona.

DZIKO LA NKHONDO

Tisaganize kuti al-Andalus lidali dziko la mtendere wokhawokha. Kumpoto kwake kudali maufumu a Leon, Castile ndi Navarre, ndipo nyengo yotentha ikafika asilikali ankanyamuka kupita kumalire. M'chaka cha 939 gulu la nkhondo la Cordoba lidagonjetsedwa koopsa ku Simancas. Pambuyo pake nduna yaikulu al-Mansur ibn Abi Amir, amene adamwalira m'chaka cha 1002, adatsogolera maulendo a nkhondo oposa 50, mpaka kukafika ku Barcelona mu 985 ndi ku Santiago de Compostela mu 997.

Mfuti kudalibe masiku amenewo. Zida zidali lupanga, mkondo, chibonga ndi uta. Choncho obwerera kunkhondo ankabwera ndi mivi yokanirira m'mafupa, mikono yotemedwa, mapewa oguluka ndi ntchafu zothyoka chifukwa chogwa pa kavalo. Anthu oterewa ndiwo ena mwa odwala amene ankafika m'manja mwa al-Zahrawi pa zaka pafupifupi 50 zimene adagwira ntchito ya using'anga.

MNYAMATA AMENE ADAFA NDI ZOMANGIRA

Pali nkhani ina imene idamukhudza kwambiri, moti adaiika koyambirira kwenikweni kwa zolemba zake za opaleshoni. Mkulu wina wa asilikali adali ndi sing'anga wake amene ankalandira malipiro nthawi ndi nthawi. Pakhomo pa mkuluyo padali mnyamata wachikuda amene adathyoka mwendo cha kufupi ndi chidendene, ndipo pothyokapo padalinso bala. Sing'anga uja adafulumira kumanga mwendowo ndi nsalu ndi timatabwa, pamwamba pa bala pomwepo, nakoka zolimba osasiya mpata ngakhale pang'ono. Atatero adalamula kuti wina aliyense asamasule, iye n'kuchoka masiku angapo.

Mwendo udatupa, phazi lidatupa, mnyamata adafika pakamwa pa imfa. Apa ndi pamene adakaitana al-Zahrawi. Iye atangofika adamasula zomangirazo, ululu udachepa, wodwala napezako mpumulo. Koma zidali mochedwa. Mnofu udali utayamba kale kufa ndi kuola, ndipo kuolako kudakwera mwendo wonse mpaka mnyamatayo adamwalira.

Taonani abale, fupa la pafupi ndi chidendene si lopha munthu. Chidapha mwana uja ndi nsalu yokoka mopitirira muyeso, yomwe idatseka njira ya magazi ndi kutsekera mafinya mkati. Al-Zahrawi adafotokozanso za sing'anga wina amene adacheka chotupa cha pakhosi pa mayi wina, nadula mitsempha ikuluikulu, mayiyo n'kufera m'manja mwake. Kuchokera pa zimenezi iye adaphunzitsa kuti munthu asayerekeze kugwira mpeni kapena kukoka chiwalo cha mnzake asadaphunzire kapangidwe ka thupi: chiwerengero cha mafupa, malo a mitsempha ya magazi, minyewa, ndi m'mene mfundo zidalumikizirana.

BUKU LA AT-TASRIF

Cha m'ma 1000, ali wokalamba, adamaliza buku lake lotchedwa Kitab at-Tasrif. Adalilembera ophunzira ake, amene ankawatchula kuti ana ake, kuti likhale pafupi ndi iwo pa ntchito ya tsiku ndi tsiku. Lili ndi zigawo 30. Muli za matenda ndi zizindikiro zake, za zakudya, ndi za kasakanizidwe ka mankhwala. Koma chigawo chimene chidamutchukitsa ndi chomaliza, cha 30, chokamba za ntchito ya manja, yomwe ife lero timati opaleshoni.

Chigawo chimenechi adachigawa patatu. Koyamba ndi kutentha ndi chitsulo chamoto. Kachiwiri ndi kucheka, kusoka mabala ndi kuzula mivi. Kachitatu ndi kubwezeretsa mafupa othyoka ndi mfundo zoguluka. M'katimo adajambulamo zida pafupifupi 200: mipeni, macheka a mafupa, mbaniro, ngowe, zoboolera ndi zofufuzira mabala, ndipo pa chilichonse adafotokoza kapangidwe ndi ntchito yake kuti wosula zitsulo athe kuchisula.

Pa nkhani ya mafupa iye adadandaula kuti m'dziko lake ntchitoyi idagwera m'manja mwa anthu amene sadatsegulepo buku, ndipo kuti sadakumanepo ndi munthu woidziwa bwino. Zimene ankadziwa adazipeza powerenga kwa nthawi yaitali ndi pozolowera ntchitoyo moyo wake wonse.

KUZINDIKIRA KAYE VUTO

Masiku amenewo kudalibe makina ojambulira mafupa, pakuti X-ray idatulukiridwa m'chaka cha 1895. Zida za al-Zahrawi zidali maso, makutu ndi nsonga za zala. Adaphunzitsa kuti fupa lothyoka limadziwika ndi kupindika kwa chiwalo, kutundumuka kwa nsonga ya fupa pansi pa khungu, ndi kaphokoso kokhukhuluza kamene kamamveka ukakhudza ndi dzanja. Njira ina imene ankaibwereza kawirikawiri ndi yofananiza chiwalo chovulala ndi chinzake chabwino, kutalika kwake ndi maonekedwe ake.

Adasiyanitsanso mitundu ya kuthyoka. Pali fupa loduka pakati mosasiya zidutswa, pali losweka n'kusiya tizidutswa, pali long'ambika m'litali, pali longochita mng'alu, ndipo pali lothyoka pamodzi ndi bala. Mtundu uliwonse uli ndi kagwiridwe kake.

Chofunika kwambiri ndi ichi: ngati palibe kupindika, palibe kaphokoso, fupa silikugwedera ndipo ululu si waukulu, iye adati mwina munthuyo wangobinya kapena wasupuka mnofu, kapena pali kamng'alu chabe. Pamenepo adaletsa kukoka ndi kufinya. Wongomanga mofewa ndi kupumitsa chiwalocho basi. Anthu ambiri amavulazidwa kawiri chifukwa wothandiza wayamba kukoka asadadziwe chimene akukoka, kuiwala kuti fupa lokakamiza limaswa mphika.

KUWONGOLA NDI KUMANGA

Fupa likatsimikizika kuti lathyoka, njira yake idali yotere. Othandiza awiri amakoka chiwalo mbali ziwiri, ndi manja ngati chili chaching'ono, ndi zingwe zofewa ngati ndi ntchafu, kukoka pang'onopang'ono osati modzidzimutsa. Sing'anga amabwezera nsonga za fupa m'malo mwake ndi manja, nayang'ana ngati chiwalocho chafanana ndi chinzake. Kenaka amapakapo phala lolimbitsa. Lodziwika kwambiri lidali la fumbi la ufa limene limamatirira m'makoma a mphero, kulikanda ndi choyera cha dzira. Likauma linkagwira, ndipo tingati ndilo kholo la chikhakha chathu cha lero.

Nsalu yomangira amayamba nayo pothyoka penipeni, kuzunguliza katatu kapena kanayi, kenaka kukwera nayo m'mwamba akuchepetsa kukoka. Nsalu yachiwiri amayambanso pomwepo n'kutsika nayo m'munsi. Timatabwa ankatipanga ndi bango long'amba pakati, mitengo yopepuka kapena nthambi za kanjedza, kutikuta ndi nsalu kuti tisalase khungu, ndi kusiya mpata wa chala pakati pa kathabwa ndi kanzake. Ngati chiwalo chatupa, timatabwa tinkadikira masiku angapo kuti kutupa kuphwe. Ndipo wodwala akamva ululu woonjezeka, kuyabwa koopsa kapena kutupa, lamulo lidali lomasula nthawi yomweyo, osadikira tsiku lopangana.

Pa fupa lothyoka ndi bala, lomwe ndilo lofala kunkhondo, adaphunzitsa kuletsa magazi poyamba, kubwezera fupa tsiku lomwelo ngati n'kotheka kutupa kusadayambe, kuchotsa tizidutswa tomasuka, ndi kudula nsonga yakuthwa imene ikukana kulowa. Pomanga adati pabala pasatsekedwe. Nsalu iboolodwe molingana ndi balalo kuti mafinya azituluka ndipo sing'anga azitha kulitsuka tsiku ndi tsiku. Apa tikuona kuti imfa ya mnyamata uja sidapite pachabe.

Adaonanso kuti mafupa sapola mofanana. Mkono wa m'munsi umagwira pa masiku pafupifupi 30, pamene ntchafu imafuna masiku 50 kapena kuposerapo. Mafupa a ana amalumikizana msanga kuposa a okalamba. Fupa likayamba kugwirana ankalamula zakudya zolimbitsa thupi monga mpunga, mazira, nsomba zaziwisi zophika ndi zipalapasiro za ng'ombe kapena mbuzi, zomwe ife timazidziwa kuti mang'ina. Ndipo adadzudzula kwambiri omanga mafupa amene ankathyolanso dala fupa lopola mokhota, chifukwa ambiri ankafa nazo. Lero madotolo amatha kuwongola fupa lotere, koma amatero m'chipinda cha opaleshoni, wodwala atagonetsedwa, ndi zida zophera tizilombo, osati pakhonde.

MFUNDO ZOGULUKA

Kuguluka n'kosiyana ndi kuthyoka. Apa fupa lili lamphumphu koma lachoka m'malo ake olumikizirana. Al-Zahrawi adalemba za nsagwada, phewa, chigongono, dzanja, zala, msana, nyung'unyu, bondo ndi kakolo, chilichonse ndi zizindikiro zake.

Titenge phewa, lomwe limaguluka kawirikawiri munthu akagwa. Iye adati ukafananiza ndi linzake umaona dzenje pamwamba pa phewa, mutu wa fupa umamveka m'khwapa ngati dzira, ndipo wodwala sangakweze dzanja kufika ku khutu. Pa nyung'unyu adati fupa litha kugulukira mbali zinayi, mkati, kunja, kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo kutalika kwa mwendo ndi kumene phazi laloza ndizo zimakuuza mbali imene lapita. Kudziwa mbaliyo ndiye theka la mankhwala, pakuti wokoka molakwika amang'amba minyewa.

Adalangiza kubwezera mfundo mwamsanga kutupa kusadabwere. Ngati kwatupa kale, adati kudikira kuli bwino kusiyana ndi kulimbana nayo. Sadabisenso kuti pali zina zomwe sing'anga sangazithe. Msana ukagulukiratu, munthu n'kumadziipitsira osadziwa, iye adauza ophunzira ake kuti pamenepo luso lawo lathera, asalonjeze zabodza.

MIVI NDI MAGAZI

Pa nkhani yozula mivi m'pamene timaona bwino mtima wa munthuyu. Asadagwire muvi ankayamba wafufuza ngati wafika mu ubongo, mu mtima, m'mapapo kapena m'matumbo, ndipo adalemba zizindikiro za chilichonse. Ankaika wovulala m'kaimidwe kamene adali pamene ankalasidwa, kuti njira ya muvi itseguke. Muvi wa ngowe sankaukoka chisawawa. Ankakuza bala kapena kupinda ngowezo, ndipo nthawi zina ankaukankhira kutsogolo kuti utulukire mbali inayo ngati panalibe mtsempha kapena fupa panjira. Ukakanirira m'fupa, ankaugwedeza pang'ono tsiku lililonse mpaka utamasuka, ukakana ankaboola fupa mozungulira.

Adalemba za anthu amene adawathandiza. Wina muvi udamulowa pangodya ya diso kufupi ndi mphuno, iye nautulutsira pansi pa khutu, diso osaonongeka. Adachotsa muvi pansi pa diso la Myuda wina, lomwe lidapola bwino. Adachotsanso muvi wa ngowe pakhosi pa Mkhristu wina, yemwe adachira. Pa mphasa ya wodwala iye sankafunsa mtundu kapena chipembedzo.

Nkhani yotchuka ndi ya mkulu wina wa asilikali a mfumu amene muvi udamulowa pamphuno n'kubisala wonse. Al-Zahrawi adaitanidwa patapita masiku atatu. Adafufuza ndi kachitsulo kake koma sadaupeze. M'malo mong'amba nkhope ya munthu pofunafuna, adasamala balalo ndi kudikira. Patapita nthawi wodwalayo adayamba kuumva muviwo mkati mwa mphuno. Sing'anga adatsegula njira pang'onopang'ono ndi mankhwala, nayesayesa kwa miyezi pafupifupi inayi, kufikira tsiku lina mbaniro zake zidaugwira n'kuutulutsa. Msilikaliyo adachira. Zoonadi kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mtsempha waukulu ukaduka, adaphunzitsa kuyamba watsindika chala pamene magazi akutulukira. Kenaka adatchula njira zinayi: kutentha, kudula mtsemphawo kuti nsonga zake zikhwinyate, kuumanga ndi ulusi wolimba, kapena kuikapo mankhwala oumitsa magazi ndi kumanga. Adalembanso za kusoka matumbo ndi ulusi wopyapyala wochokera ku matumbo a nyama.

KUDULA CHIWALO NDI KUVOMERA KULAKWA

Mnofu ukafa n'kuyamba kuda, iye adati chiwalo chidulidwe pamwamba pa malo oolawo kuti moyo upulumuke: chala chisadafike ku dzanja, dzanja chisadafike ku mkono, phazi chisadafike ku bondo. Koma sankathamangira kudula. Adafotokoza za bambo wina wa zaka pafupifupi 30 amene fupa la msongolo lidamuolera mkati, mafinya akutuluka m'mabowo ambiri, asing'anga atalephera kwa zaka ziwiri. Al-Zahrawi adacheka fupa loolalo pang'onopang'ono, maulendo angapo chifukwa wodwalayo adali wofooka, mpaka adachotsa chidutswa chotalika ngati chikhatho chotambasula. Bamboyo adachira ndipo adayendanso ndi mwendo wake.

Chodabwitsa n'chakuti adalembanso pamene iye mwini adaphonya. Munthu wina amene kale adadzidula yekha phazi loola n'kuchira, adabwera kwa iye matenda omwewo atayamba pa chala cha dzanja. Adapempha kuti amudule dzanjalo. Al-Zahrawi adakana poopa kuti afa, pakuti mphamvu zidali zitamuthera, ndipo adayesa mankhwala omwe sadathandize. Munthuyo adabwerera kwawo, nakadzidula yekha dzanja, n'kuchira. Sing'anga wina akadaibisa nkhani yotere. Iye adaisiya m'buku kuti ana ake aphunzirepo.

IMFA YAKE NDI ULENDO WA BUKU LAKE

Masiku ake omaliza adali owawa. M'chaka cha 1009 nkhondo yapachiweniweni idabuka ku Cordoba. Mu 1010 mzinda wokongola wa Madinat al-Zahra udafunkhidwa ndi kuonongedwa, ndipo mu 1013 Cordoba yemwe adagwa m'manja mwa ankhondo. Al-Zahrawi adamwalira cha m'chaka chomwecho cha 1013, ali ndi zaka pafupifupi 77. Allah amuchitire chifundo. Katswiri wamaphunziro Ibn Hazm, amene adakulira ku Cordoba komweko, adamuwerengera pakati pa asing'anga akuluakulu a al-Andalus.

Nyumba zachifumu zidasanduka mabwinja, koma buku lidakhala. M'zaka za m'ma 1100 Gerard wa ku Cremona adamasulira chigawo cha opaleshoni m'Chilatini mu mzinda wa Toledo, ndipo Azungu adayamba kumutchula kuti Albucasis. Dotolo wa ku France, Guy de Chauliac, m'buku lake la mu 1363 adamutchula kambirimbiri. Ku Turkey, Sabuncuoglu adatsamira pa bukuli polemba lake mu 1465. Mu 1778 lidasindikizidwa ku Oxford m'Chiarabu ndi m'Chilatini, ndipo mu 1973 lidatuluka m'Chingerezi. Ku Cordoba kuli msewu wotchedwa dzina lake.

Obwera pambuyo adapitiriza pamene iye adalekera, ndipo ambiri adali madotolo a asilikali. Mu 1852 Antonius Mathijsen, dotolo wa asilikali a ku Netherlands, adalengeza za bandeji ya pulasitala, yomwe ndiyo chikhakha chimene timachidziwa. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ija makolo athu adamenya nawo ngati asilikali a King's African Rifles ndi amtengatenga, dotolo Robert Jones adafalitsa kuyambira 1916 chitsulo chogwirira mwendo chopangidwa ndi Hugh Owen Thomas, ndipo imfa za asilikali othyoka ntchafu zidatsika kwambiri. Kuno ku Malawi, kuyambira 1985 kudakhazikitsidwa maphunziro a ma Orthopaedic Clinical Officer, ndipo iwowa ndiwo amathandiza othyoka ambiri m'zipatala za m'maboma.

PHUNZIRO KWA IFE

Tisanamizane, si zonse za al-Zahrawi zimene zikugwira ntchito lero. Kutentha ndi chitsulo chamoto ndi kukhetsa magazi a wothyoka, zomwe iye ankachita monga asing'anga onse a nthawi yake, zidasiyidwa. Tizilombo toyambitsa mafinya sadatidziwe. Amene angatenge buku lake lero n'kumakoka nalo mapewa a anthu pakhomo, ndiye kuti sadamumvetse, pakuti iye ankalimbana ndi anthu otere omwewo.

Chimene sichidakalambe ndi mwambo wake: zindikira kaye, gwira mofatsa, usamange mothinitsa, usatseke bala, ndipo dziwa pamene nzeru zako zathera. Tsono m'bale wathu akavulala, tichite izi. Tisakoke chiwalocho kapena kuyesa kuchiwongola. Tichigoneke pa kathabwa kapena nsungwi yokuta ndi nsalu, timange mofewa kuti chisagwedere. Ngati pali bala tiphimbe ndi nsalu yoyera ndi kutsindika kuti magazi aleke. Fupa likatulukira kunja tisalibwezere mkati, tisathirepo dothi, phulusa kapena masamba, ndipo tisateme mphini pamalo othyoka. Tipite naye kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa fupa la bala limafuna kutsukidwa, mankhwala opha tizilombo ndi katemera wa kafumbata mwamsanga.

Akamuika chikhakha, ife a pakhomo ndife maso a dotolo. Zala zikatupa kwambiri, zikazizira, zikasintha mtundu, zikachita dzanzi, kapena ululu ukamakulirakulira osamva mankhwala, tibwerere naye kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ndi usiku kaya ndi tsiku la chikondwerero. Tisadikire deti imene idalembedwa m'kabuku ka kuchipatala. Komanso tisachotse tokha chikhakha nthawi isadakwane poti mwana wayamba kuthamanga.

Mnyamata wa ku Cordoba uja adafa chifukwa amene adali naye pafupi adaona mwendo ukutupa koma adaopa kumasula. Sing'anga wokalamba adalemba nkhani yake kuti zisadzachitikirenso mwana wina. Ife taimva, ndiye tiisunge.